Mayina Khumi ndi Anayi, Mphindi Ziwiri

Kalata yoitanira anthu ku msonkhano inanena poyera kuti wolankhula aliyense adzapatsidwa mphindi ziwiri zokha. Mawu akuti zokha anawadula mzere kunsi kawiri.

Msonkhanowo unali woti anthu a dera lathu ku Ndirande asankhe ntchito imodzi yoti iyambe chaka chino. Anyamata a mpira ankafuna kuti bwalo lawo lisalazidwe. A kumsika ankafuna zimbudzi. Ife a tsidya lino la mtsinje wa Nasolo tinkafuna mlatho. Wamatabwa umene unalipo madzi anapita nawo zaka ziwiri zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo munthu amasankha yekha, kuvula nsapato n'kudumpha pamiyala kapena kuzungulira kumsewu waukulu. Mlatho ukanalephera pa msonkhanowu, tikanawolokanso dzinja lachitatu madzi ali m'chiuno.

Azimayi a tsidya lino anasankha amayi anga, a Ursula, kuti akatilankhulire. Anawasankha iwo kulibe, ali pa makina awo kumsika. Amayi ndi telala. Amatha kukangana ndi kasitomala za zipi ola lathunthu osameza malovu, koma ukangowaimika kutsogolo kwa gulu, mawu amawathawa.

"Iwe Madalo, unapita ku yunivesite," anatero akundipatsa kalatayo. "Undikonzere zimenezi."

Ndinaphunzira masamu, koma kwathu digiri ndi digiri basi. Imakonza wailesi, imamasulira zolemba za adokotala. Ndinatenga foni, n'kutsegula wotchi yowerenga masekondi.

"Yambani, amayi."

Anaimirira pafupi ndi kabati, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu. "Ndiyambe ndi kupereka ulemu kwa alendo athu olemekezeka ochokera kumaofesi m'tauni. Ndipereke ulemu kwa a khansala athu. Ndipereke ulemu..."

Anapereka ulemu kwa mafumu atatu a m'mabuloko, kwa bambo mfumu a ku parishi, kwa a shehe, kwa abusa, kwa ahedi, kwa anesi aakulu a kukiliniki, kwa wapampando wa komiti ya chitukuko, kwa wa achinyamata, kwa apolisi ndi kwa wapampando wa msika. Anthu khumi ndi anayi, aliyense ndi udindo wake wonse. Atamaliza ndinawaonetsa foni.

"Mwatsala ndi masekondi khumi ndi awiri. Mlatho simunautchule."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Mungonena kuti nonse olemekezeka landirani ulemu wanu. Basi."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "A Majidi, wapampando wa msika, amve kuti iwo ndi nonse? Pa maliro a mwezi wathawu wina anawadumpha. Ananyamuka, msika wonse n'kuwatsatira. Ukufuna tikavote ndi mipando?"

Apa m'pamene mtima wanga unayamba kudumpha. Funso linali lokongola: mayina khumi ndi anayi amene sungadumphe, mphindi ziwiri zimene sungatalikitse, ndi mlatho umene uyenera kulowa pakati. Ndinadula makatoni a sopo n'kupanga makhadi. Tinayesa kufupikitsa maudindo, tinapulumutsa masekondi asanu ndi anayi. Tinayesa kulankhula mothamanga, amayi anamveka ngati akuitanira minibasi ya ku Limbe, ndipo tonse tinagwa nacho chiseko.

Minibasiyo ndi imene inandipatsa nzeru ina. Vuto lachiwiri la amayi linali mantha, ndipo kabati sankawayang'ana. Panafunika maso a anthu.

"Alaliki amalalikira m'minibasi," ndinatero. "Ogulitsa mankhwala a mano nawonso. Inu mulephera bwanji?"

M'mawa mwake tinapeza Kingsley pa siteji. Ndi kondakitala wa zaka zambiri pa msewu wa Ndirande, ndipo matumba onse a mathalauza ake anasokedwapo ndi amayi.

"Masteni akufuna kulalikira?" anafuula. "Lowani! Khalani kumbuyo kwa dalaivala, muyang'anizane ndi mpingo wanu."

Galimoto itanyamuka amayi anatulutsa khadi loyamba. Atapereka ulemu kwa a khansala, anthu anatembenuka kufuna kuona a khansalawo. Mnyamata wina kumbuyo anayamba kuyankha "zikomo" pa dzina lililonse. Tisanafike patali, bambo wina wa chikwama anagogoda denga.

"Mayi, ine ndikutsika pano. Nkhani yake ndi yotani?"

"Mlatho!" anakuwa amayi, chitseko chikutsekeka.

Kingsley anapukusa mutu. "Masteni, muno anthu sadikira. Mukasunga nyama pansi pa mbale, adya ndi ena."

Tinakwera kanayi tsiku limenelo. Ulendo wachinayi mantha anachepa, koma anthu ankayang'anabe pawindo. Tsiku lachiwiri, tikubwerera kuchokera m'tauni, munakwera a Yusuph, amene amagulitsa makala panjinga. Amayi atawaona anaiwala makhadi.

"A Yusuph, njinga ija munaiwongola? Ija inagwera mu Nasolo ndi matumba awiri?"

"Musandikumbutse, mayi! Makala anga anakafika mumtsinje wa Mudi ine ndisanadzuke."

Minibasi yonse inaseka. Mayi wina anati iye anataya nsapato imodzi pomwepo, yatsopano. Wina anati mwana wake anajomba mayeso. Amayi anangoti, "Ndiye Loweruka mubwere kusukulu, mudzakweze dzanja pa mlatho." Mtsikana wina anapitirira siteji yake, anachita kutsika kutsogolo n'kubwerera wapansi, akusekabe.

Titatsika amayi anandigwira mkono mwamphamvu mpaka kupweteka. Maso awo anali akuwala.

"Madalo, ndiwatchula onse. Koma aliyense ndimutchula ali mumtsinje."

Ndinaima pakati pa msewu mpaka wa kabaza anandiimbira belu. Yankho linali limenelo. Ulemu ndi nkhani zikanayendera limodzi, dzina lililonse n'kukhala umboni. Ine ndi masamu anga ndinkafuna kuchotsera, amayi anangophatikiza.

Masiku atatu otsatira anali a kafukufuku, ndipo palibe amene amadziwa za anthu kuposa telala. Thalauza la a khansala anasoka okha atatererekera pamiyala. Za mafumu anamva kwa mayi wogulitsa mandasi. Za anesi anakafunsa kukiliniki konko. Ine ntchito yanga inali kulemba mawu atatu okha pa khadi lililonse, kusanja makhadiwo motsata ukulu wa anthu, ndi kudula chiganizo chilichonse chopitirira masekondi asanu ndi awiri. Lachisanu tinafika pa mphindi imodzi ndi masekondi makumi asanu. Tinavina m'chipinda chochezera.

Khadi limodzi lokha linatsala loyera, la mlendo wochokera m'tauni. Iyeyo ndiye woyenera kutchulidwa poyamba, ndipo Nasolo sanawolokepo.

"Ameneyo mungomupatsa ulemu wamba," ndinatero.

"Tikaona komweko," anatero amayi akusita chilundu chawo.

Loweruka holo ya sukulu inadzaza mpaka m'mawindo. Olemekezeka anakhala kutsogolo, patebulo la nsalu yoyera. Woyendetsa mwambo, a Obed, anabwereka belu la sukulu n'kuliika pafupi ndi wotchi yawo.

Anayamba a Laurenti a timu ya mpira, atavala jekete. Anapereka ulemu mwaluso, mawu akugunda bwino, dzina ndi dzina. Kenako anakonza kolala n'kunena kuti, "Tsopano ndilowe m'nkhani yathu."

Ngee! Belu.

Holo inaphulika ndi chiseko. A Laurenti anayesa kukweza chala, koma a Obed anali atawalanda kale maikolofoni.

Wachiwiri anali Olive, wogulitsa nsomba zouma. Iye anaona zimene zachitika, ndiye anangoti, "Nonse akuluakulu, ulemu wanu," n'kulowa m'nkhani ya zimbudzi. Nkhope za patebulo zinauma, koma mtsikanayo analankhula zoona zokhazokha, za ntchentche, za matenda otsegula m'mimba, za azimayi amene amakhala tsiku lonse osamwa madzi poopa kusowa kopita. Anthu anaomba m'manja kwambiri.

"A tsidya la Nasolo," anaitana a Obed.

Amayi anayenda pang'onopang'ono, makhadi ali m'manja. Anayang'ana khadi loyera lija, n'kuyang'ana mlendo. Masekondi atatu anapita. Anayi. Ndinaluma chala.

"Alendo athu olemekezeka," anayamba, "takulandirani. Inu Nasolo simunawolokepo, ndiye mundilole ndikudziwitseni anthu amene mwakhala nawo patebulopo. Onsewo ndi odziwa kusambira."

Mlendo anachotsa maso pa foni yake.

"Kumanja kwanuko ndi a khansala athu, ulemu wanu bwana. Mwezi wa Febuluwale akubwera kudzationa anaterereka pamiyala, thalauza linang'ambika kuyambira pa bondo. Ndinasoka ndine."

Holo inati zii. A khansala sanasunthe. Ndinaona azimayi a tsidya lathu akuweramitsa mitu, ndipo ndinaganiza kuti tatha. Kenako a khansala anaimirira, anatulutsa mwendo kunja kwa tebulo n'kukoka nsalu ya pa bondo.

"Ndi lomweli!" anatero.

Chiseko chake chinagwedeza malata. Ine ndinayang'ana foni, thukuta n'kutuluka. Tinawerengera mawu onse, koma kuseka sitinakuwerengere. Masekondi khumi ndi asanu anapita anthu akupukuta misozi. Ndinakweza dzanja n'kulizunguza ngati kondakitala wouza dalaivala kuti tiyeni.

Amayi anandiona. Sanadikire kuti holo ikhale chete, anakweza mawu monga ankachitira polimbana ndi injini.

"Mafumu athu atatu, ulemu wanu. Munanyamula bokosi la maliro pamutu, madzi ali pachifuwa. Bambo mfumu, a shehe ndi abusa, ulemu wanu. Mvula ikagwa Lachisanu kapena Lamulungu, theka la anthu anu limapemphera kutsidya kwa mtsinje. Ahedi athu, ana makumi atatu anajomba sabata yathunthu. Anesi athu, munabadwitsa mwana pamwala chifukwa mayi ake sakanatha kuwoloka. Mwanayo ali apo, akuyamwa."

Anthu anatembenuka. Mayi wa mwanayo anamukweza m'mwamba. Kuseka kunali kutatha tsopano.

Kunatsala masekondi makumi awiri. A Obed anagwira belu.

"A chitukuko ndi a achinyamata, munasenza miyala ija ndi manja anu, madzi anaimwaza." Amayi anatembenuza makhadi awiri nthawi imodzi. "A Majidi, wapampando wa msika wathu, ulemu wanu bambo. Zimbudzi tikuzifuna, inenso ndimasokera momwemo. Koma mvula ikagwa makasitomala anu amaima kutsidya, tomato n'kumaola pa benchi. Tikupempha mlatho, mvula isanabwere. Zikomo."

Ngee!

Sindikudziwa kuti ndinakwera liti pa benchi. Azimayi a tsidya lathu ankalulutira, Kingsley ankamenya zenera ali panja. A Majidi sanaombe m'manja, koma sananyamukenso. Anangogwedeza mutu kamodzi.

Povota, bwalo la mpira linapeza manja ochepa, ena mwa iwo a anthu okweza manja onse awiri. Zimbudzi zinapeza manja 84. Pa mlatho a Obed anawerenga kawiri, akuyenda mzere ndi mzere, ine ndikuwerenga nawo chamumtima. A Yusuph anakweza dzanja lakuda ndi makala. Azimayi anayi a tomato anayang'ana a Majidi, a Majidi anayang'ana kudenga, azimayiwo n'kukweza.

"Mlatho, 91!"

Ndinathamanga kukawakumbatira amayi. Ndinawapeza atakhala pa mpando wa mwana wa sitandade wani, akuwerenga makhadi limodzilimodzi. Olive anabwera kudzawagwira chanza, ndipo amayi anamuuza kuti chaka chamawa adzakwera naye minibasi. Kenako anabwerera ku makhadi, nkhope n'kusintha.

"Madalo, ndadumpha apolisi."

"Amayi, tapambana!"

"Ndadumpha munthu, iwe."

Anadzuka, anakonza chilundu, n'kupita kutsogolo kumene wapolisi uja ankavala chipewa chake. Anagwada pang'ono.

"Bwana, mundikhululukire. Nthawi inandithera, sikuti ndinakupeputsani."

Wapolisiyo anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Pa khadipo munalemba chiyani, mayi?"

Amayi anamuonetsa. Anawerenga mawu atatu aja: wakuba, mwala, chipewa.

"Mwachita bwino kundidumpha," anatero. Analanda khadilo, analipinda kawiri n'kuliika m'thumba la malaya. "Mlathowo ukamangidwa, ndidzakhala woyamba kuwolokapo."