Ngowe Ziwiri Pachingwe Chimodzi

Ntchito yanga inali yoyendetsa kireni, chimakina chokwezera katundu wolemera, pamalo omanga nyumba zosanjikizana. Ndinkakhala m'kachipinda ka magalasi kumwamba, kumene mphepo simapuma.

M'mawa wina ndinakweza mtolo wa zitsulo. Poyang'ana pansi ndinaona ngowe ziwiri, mitolo iwiri, akapitawo awiri akukupiza manja. Ndinatsinzina, n'kutsegulanso: awiribe. Khutu lakumanzere linkangolira. Pansipo panali anthu, koma mtolo weniweni unali uti? Ndinachotsa manja pazitsulo zowongolera. Anzanga anachita kukwera kudzanditsitsa, miyendo yanga itachita dzanzi.

Ndinali nditadwala kwa nthawi ndithu. Thupi linkatentha n'kuzizira, n'kutenthanso, thukuta kunyowetsa zofunda. Malungo ankayeza osawapeza. Mkazi wanga ankaseka kuti, "Inu bambo a mwana, matenda anu ndi aulemu, amabwera madzulo okha ngati mkamwini." Tsiku limeneli sanaseke.

Kuchipatala adokotala, mayi wolankhula motsitsa, anandiuza kuti nditsatire chala chawo ndi maso. Diso limodzi linakana kutembenuka. Khosi linali gwa. Anandijambula m'mutu, chotupa osachipeza. Kenako anandigoneka chammbali, mawondo pachifuwa, kuti atenge madzi a mumsana. Singano itandikhudza ndinafunsa, "Kodi ndidzayendanso?"

"Musagwedezeke kaye, bambo," anatero.

Tinadikira masiku. Mkazi wanga ankandinong'oneza kukhutu lakumanzere lija, lomwe tsopano linali litafa, ine osamva kanthu, ndikungogwedeza mutu kuti asadziwe.

Adokotala atabweranso anafunsa, "Mumagwira ziweto?"

"Ayi."

"Nanga mkaka wosawiritsa mumamwa?"

Mkazi wanga anagwira pakamwa. "Achimwene anga ali ndi mbuzi. Amatibweretsera wongokama kumene."

"Mbuzizo sizinapoloze?"

"Zinapoloza ziwiri."

Anatiuza kuti matendawa ndi buluselosisi, ochokera ku ziweto. Anawapeza m'magazi ndi m'madzi a mumsana aja. Tizilombo take tinali titafika ku ubongo ndi m'mitsempha. Mankhwala alipo, anatero, mitundu itatu pamodzi: jakisoni kwa milungu ingapo, mapilitsi kwa miyezi, osadumphitsa.

Ndinali ndisanapume n'komwe pamene anafunsa, "Winanso amene amamwa mkakawo ndani?"

Mwana wathu wamkazi ndiye ankamwa kwambiri. Ndipo sabata imeneyo ankadandaula bondo, thupi likufunda. Mkazi wanga anatuluka chothamanga, nsapato imodzi n'kutsala pansi pa bedi. Ine ndinangogona chagada, kuyang'ana mababu awiri padenga pamene panali limodzi.

Mwanayo anamupeza nawo, koma asanafike kumutu. Anamwa mankhwala ake n'kuchira ine ndisanatuluke n'komwe. Alamu anga anabwera ali nyonyomalo, ataitanitsa kale azaziweto kukhola kwawo.

Maso anga anawongoka pang'onopang'ono, miyendo nayonso. Khutu lokha silinabwerere. Pano ndimagwira ntchito pansi, m'nyumba yosungiramo zida, ndipo mutu ukangopweteka pang'ono, mkazi wanga amasiya chilichonse n'kudzandiyang'anitsitsa m'maso.