Timakoko Takuda M'chitini cha Shuga

Chaka chimene nkhani ya Chitaganya inafika povuta, kwathu ku Thyolo munthu sankayenda yekha m'minda ya tiyi. Kunali mbiri ya achifwamba. Ankati azungu ena akugwira anthu, kuwaphika, n'kuwatsekera m'zitini, ndipo pali anthu akuda amene akuwathandiza. Ukafunsa amene anaona ndi maso ake, aliyense ankaloza mnzake wa kutsidya kwa mtsinje. Koma mantha sadikira mboni. Pa anthu onse okayikiridwa, makhuki ndiwo anali patsogolo, poti ndiwo ankagwira mipeni m'nyumba za azungu.

A Bizwick anali khuki wa bwana wamkulu pa esiteti ina kufupi ndi kwa Nchilamwela. Anali munthu wofatsa mochita kukwiyitsa, woti ukamufunsa kanthu umakalamba ukudikira yankho. Ankakhala chikamwini kwawo kwa akazi awo, a Lestina, ndipo mwana wawo woyamba, Teleza, ankakwatiwa mwezi umenewo. Bambo wina akanaganiza za mbuzi. A Bizwick anaganiza za keke. Zinkawawawa mumtima kuti zaka zonsezi akhala akuphikira ana a eni ake makeke, wawo asanalaweko ngakhale nyenyeswa.

Tsiku lina dona, mkazi wa bwanayo, anawatuma ku Limbe pa lole ya esiteti kukagula za kukhitchini. Kwa mmwenye anatenga vanila wa dona, kenaka anagula timakoko tiwiri tawotawo. Anasankha monga mwa masiku onse. Ankakapinda pachala kuti aone ngati sikathyoka, kukafinya kuti aone ngati chala chinona, n'kukanunkhiza. Kouma gwa ankakabweza, mmwenye ang'ung'udze asang'ung'udze. Kwa inu amene simunamuonepo, vanila ndi timakoko titalitali, takuda, tokwinyika ngati zitheba zopserera. Atafika kunyumba anatikwirira m'chitini cha shuga wa ukwati, monga ankachitira kwa dona kuti fungo lilowerere m'shuga. Sanawauze akazi awo. Ankafuna kuti anthu adzadabwe pa tsikulo, ndipo apa ndi pamene ndimawakwiyira a Bizwick mpaka lero.

Mlungu womwewo a Morton, amene ankathyola tiyi pa esiteti yomweyo, anachoka m'mawa ndi dengu lawo osabwerera. Anawafuna m'makwawa, m'nkhalango ya bulugama, ngakhale kuchipatala, koma zii. Akazi awo, a Magdalena, anasiya kudya, maso ali psu ndi kulira.

Litafika tsiku lokonza thobwa la ukwati, amayi anasonkhana pakhomo pa a Lestina. Anaitananso a Magdalena kuti asamangokhala okha m'nyumba. Poti analibe mphamvu zotakasa mphika, anawapatsa ntchito yopepuka yotapa shuga. Anatsegula chitini, napisamo dzanja, ndipo chala chawo chinakhudza kanthu kofewa. Anakakoka, n'kukakweza m'mwamba, shuga akuyoyoka.

"Mayo ine! Mayo amuna anga!"

Amayi anataya mithiko n'kuthamangira pomwepo. Wina anakhuthulira shuga yense palichero, ndipo kachiwiri kanagwera pamwamba.

"Imeneyi ndi mitsempha ya munthu," anatero mayi wina. "Yowamba. Taonani mmene yakwinyikira."

"Nanga fungoli? Amathira mankhwala kuti isanunkhe. Amafuna atimwetse tonse pa ukwati!"

A Lestina fungolo ankalidziwa. Masiku ena amuna awo ankabwera nalo m'manja ndi m'malaya, fungo lozuna losafanana ndi chilichonse chomera kuno, ndipo iwo sanafunsepo. Za kuntchito a Bizwick sankakamba. Nanga munthu amakwirira chinthu m'shuga mwakabisira ngati ndi chabwino? Anachita mantha ndi anthuwo, koma mantha aakulu anali a mwamuna amene anagona naye mphasa imodzi chiyambire utsikana wawo.

Mkuwo unamveka mpaka m'minda. Amuna anabwera ndi zimene zinali m'manja, wina khasu, wina chikwanje, wina mpini wokha. Anabweranso a Fackson, mlongo wawo wa a Lestina, amene anali mwini mbumba. Teleza anamutsekera m'nyumba akulira.

A Bizwick anatulukira dzuwa litapendeka, pa nthawi yawo yopuma bwana akatha kudya. Anaona chigulu cha anthu n'kuganiza kuti kwagwa maliro. Anthu anawapatukira, kenaka n'kutsekanso njira kumbuyo kwawo.

"Alamu," anatero a Fackson, akuloza palichero, "tiuzeni. Ichi n'chiyani?"

"Aa, mwatulutsiranji? Ameneyo ndi vanila."

"Ndani?"

"Si munthu ayi. Vanila. Za m'keke."

"Ngati n'chomera, tiperekezeni tikaone mtengo wake."

"Sumera kuno. Amachokera kutali, kutsidya kwa nyanja. Ine mtengo wake sindinauonepo."

Anthu anang'ung'udza. Munthu wazaka zake, kuika m'chakudya chinthu chosadziwa mtengo wake! A Bizwick anaona kuti pakamwa pawalaka, choncho anati aonetse ndi manja. Anasolola kampeni m'thumba, ndipo amayi anakuwa. Anang'amba kakoko kamodzi m'litali mwaluso, n'kupala m'kati ndi msana wa mpeni. Panatuluka phala lakuda bii, lonyezimira, la timbewu tosaoneka bwino. Ananyambita.

"Mwaona? Akudya!" anakuwa a Magdalena. "Wazolowera ameneyu!"

Mwala woyamba unamenya chitseko. Wachiwiri unawapeza a Bizwick pamwamba pa diso, magazi n'kuyamba kutsikira pa malaya oyera a kuntchito. Wina kumbuyo anati abweretse moto. A Bizwick anayang'ana uku ndi uku. Onse owazungulira anali abale a akazi awo. Kwawo kunali kutali, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wa magazi awo.

A Fackson anakweza manja. Sikuti ankawakonda alamu awowo, koma sankafuna mtembo pabwalo la mlongo wawo.

"Taimani! Mlongo wangayu nonse mukumudziwa. Ndi wa Sabata. Mbewa sadya, mlamba sadya, nkhumba sayandikira n'komwe. Ngakhale tiyi amene timathyolayu samwa. Chodetsedwa sichinalowepo m'kamwa mwake. Iyeyu ndiye amagona m'nyumba umu, ndiye akudziwa. Ngati chinthuchi n'chakudya, adye tione. Akakana, alamu, ine ndasamba m'manja."

Aliyense anavomereza mumtima kuti mlandu wagamulidwa bwino, chifukwa a Lestina anali mayi woti angagone ndi njala kusiyana n'kudya ndiwo zophikidwa mumphika umene munalowapo nkhumba.

A Lestina anayang'ana amuna awo. Diso limodzi linali litatsekeka ndi magazi, linalo linkangophethira. Anayang'ana kanthu kaja palichero, ntchentche itaterapo kale. Anayesa kupemphera koma mawu onse anathawa. Anamva Teleza akumenya chitseko m'katimo, akuitana bambo ake.

Anawerama, natola kakoko kosang'amba kaja, n'kukaponya konse m'kamwa.

"Osatafuna chonchotu, satero," anayamba a Bizwick, koma palibe anawamva.

Kanali kolimba ngati chikopa, kowawira, ndipo timbewu tinkalowa m'mano ngati mchenga. Anatafuna, anthu akuwayang'ana pakhosi. Kawiri konse kanafuna kubwerera. Anatseka pakamwa ndi dzanja, misozi ikutsika, mpaka anameza.

"Ndi za m'keke," anatero ndi mawu osasa. "Ndimazidziwa ine. Amabwera nazo nthawi zonse."

Makasu anayamba kutsika. Wina anaseka mwamanyazi, wina anati iye anangobwera kudzaona. Mwala uja, mwachidziwikire, palibe anauponya. Anthu anabalalika mmodzimmodzi, thobwa n'kupserera pamoto popanda wolitakasa. Otsiriza kuchoka anali a Magdalena. Anawadzutsa amayi awiri, iwo akufunsabe kuti nanga tsono amuna awo ali kuti.

A Lestina anatunga madzi, natengera amuna awo kuseri kwa nyumba. Anang'amba kansalu n'kuyamba kuwapukuta pabala. Kenaka a Bizwick anafunsa.

"Amake Teleza, vanila munamudziwira kuti? Inetu sindinakuuzenipo."

"Sindimudziwa."

"Nanga munadyeranji?"

"Akanakuphani. Ndinati ngati ndi munthu, Mulungu adzatifunsire limodzi."

Apo m'pamene a Bizwick anazindikira kuti si a Magdalena okha amene anakhulupirira. A Lestina anafinya kansalu kaja, nasuzumira kukona kwa nyumba kuti aone ngati kuli munthu. Atatero anasendera pafupi n'kutsitsa mawu.

"Pano tatsala awiri. Teleza sakumva, achimwene apita. Sindikaulula kwa munthu. Ndiuzeni zoona, bambo a Teleza. Ndadya chiyani?"