Chilonda cha a Wailesi

Alamu anga anthu amawatchula a Wailesi. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa ukalowa m'shopu mwathu kudzangopinditsa thalauzi, umatuluka utamva za mpira, za kukwera kwa zinthu, ndi za amene wakangana ndi mkazi wake mumsewu wathu wonse. Alamuwa anakwatira achemwali anga. Ine ndi iwo ndife matelala, ndipo tasoka m'chipinda chimodzi kuyambira tsitsi lathu lili lakuda.

Shopu yathu ndi yaing'ono, ili pakati pa wometa ndi wokonza mafoni. Makina awo ali pazenera, anga pafupi ndi khomo. Pakati pali tebulo lodulirapo nsalu, pakona pali simbi ndi galasi lalitali losweka m'munsi. Kiyi ndimasunga ine, popeza ndimakhala pafupi ndipo ndimalawira.

Matelala ambiri tikamayesa munthu chovala timaika mapini pamilomo kuti manja agwire nsalu. Ine ndikatero ndimakhala duu. Alamu ankadzaza mapini milomo yonse n'kumayankhulabe, kasitomala akuseka, iwo akuchotsa pini imodziimodzi nkhani osaidula.

Ndiye tsiku lina tikudula jekete ya aphunzitsi ena ake, ndinaona kuti m'mawa wonse wadutsa ndikumva makina okhaokha.

"Alamu, mabatire atha?" ndinawafunsa.

"Pini inandibaya kunsi kwa lilime. Kachilonda chabe."

"Si ndinkakuuzani? Tsiku lina mudzameza."

"Mukanakondwa inu, mutenge malo anga a pazenerawa."

Sindinaganize zambiri. Tonsefe tinabayidwapo. Umachukucha m'kamwa ndi madzi amchere, sabata isanathe waiwala.

Jekete tinasoka, aphunzitsi anatenga. Alamu ankayankhulabe, koma mwachidule, ngati munthu amene akuwerenga mawu ake. Tiyi ankamusiya azizire. Buledi ankamunyika mpaka asungunuke. Fodya yekha sanasiye, ankatulukabe kuseri kukasuta ndudu yawo. Posesa madzulo ndinayamba kupeza tizidutswa ta nsalu yoyera pansi pa makina awo, tofinyidwa m'manja, tili ndi madontho ofiira. Ndinkati mwina ndi chala. Telala magazi a chala sachita nawo chidwi.

Kenako aphunzitsi aja anabweranso, jekete ili pamkono.

"Batani lathothoka," iwo anatero. "Koma musadandaule, ndaivala mwezi wathunthu osapumitsa. Mungondibwezerako pang'ono m'chiunomu, ndaonda ndi ana a anthu."

Alamu anawaveka jekete n'kuyamba kuigwira m'chiuno. Ine ndinali pasimbi, ndikuyang'ana. Pamilomo pawo panalibe pini. Mapini onse anali atabaya pachifuwa cha malaya awo, mumzere, ndipo ankachotsa pamenepo. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti nsalu ya pachifuwapo yachita tizibowo tambirimbiri. Sizinali za tsiku limodzi zimenezo.

Aphunzitsi atatuluka ndinaimika simbi.

"Alamu, mapini munasiya liti kuika pakamwa?"

"Kalekale. Si mumafuna zomwezo?"

"Nanga chikukubayanibe n'chiyani?"

Anakhala pamakina n'kuyamba kufunafuna ulusi umene unali patsogolo pawo pomwe.

"Jekete ija tinadula tsiku limene munandiuza za chilondacho," ndinatero. "Yasokedwa, yavalidwa, batani lathothoka, yabwerera. Chilonda cha pini chanji chokhalitsa kuposa batani langa? Komanso pini timagwira ndi milomo. Kunsi kwa lilime ikakatani?"

"Mwayamba udokotala liti, alamu?"

"Yasamulani ndione."

Anazengereza, kenako anadzuka n'kukankha chitseko kuti wometa asaone. Ndinayatsa tochi ya foni. Anakweza lilime. Kumanzere, pansi penipeni, panali chilonda kukula kwake ngati batani la malaya. Pakati panali pofiira, m'mbali moyera ndi motukuka.

"Ndikachikhudza ndi chala n'cholimba," iwo anatero atatseka pakamwa. "Poyamba sichinkapweteka n'komwe. Pano ndikameza ndimamva mpaka kukhutu."

"Mawa tipite kuchipatala."

"Mwaiwala a Nsapato?"

Sindinaiwale. A Nsapato anali bambo wosoka nsapato amene ankakhala pakhonde lathu zaka zapitazo. Anapita kuchipatala ndi chilonda cha m'kamwa, anabwerako alibe mbali yaikulu ya lilime. Ankatiyankhula ndi manja. Chaka sichinathe tinakawaika.

"A Nsapato anakhala chaka chathunthu akupaka mankhwala ogula m'basi," ndinatero. "Anapita kuchipatala khosi litatupa kale, kolala osamangika. Ndinawasokera ndine malaya aakulu khosi aja."

"Akandidula lilime ine ndidzakhala ndani? Mukuganiza anthu amabwera muno chifukwa cha kasokedwe kanu? Amabwera kudzamva Wailesi." Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Timalize kaye mayunifolomu a alondawa. Tikapereka, ndipita. Ndipo achemwali anu musawauze. Mumawadziwa mtima wawo."

Mayunifolomu aja anali a kampani ina ya alonda, ndipo nsalu yake inali itangofika kumene. Inali ntchito ya mwezi wina. Sindinawalonjeze kanthu. Ndinangoyambanso kusita.

Titaweruka, iwo anapita kukaonera mpira kwa wometa, ine ndinadzera kunyumba kwawo. Achemwali ndinawapeza akuanula zovala. Ndinawauza zonse monga ndinaonera. Anamvetsera pilo ali m'manja, kenako anandionetsa kadontho kosachoka pansalu yake.

"Ankandiuza kuti ndi nkhama," iwo anatero. "Ine n'kumawagulira mswachi wofewa. Ndiye ati mpaka amalize mayunifolomu?"

"Atero."

"Kiyi wa shopu ali ndi ndani?"

"Ine."

"Basi," iwo anatero, n'kupitiriza kuanula.

M'mawa mwake ndinafika pashopu nthawi yanga koma sindinatsegule. Ndinabwereka benchi kwa wometa n'kukhala pakhonde. Alamu anatulukira ndi kachikwama kawo, anayang'ana loko, anandiyang'ana ine.

"Kiyi mwataya?"

"Ali m'thumba."

"Ndiye?"

"Lero sititsegula."

"Alamu, musandiyese mwana. Mayunifolomu aja asoka okha?"

"Alonda ali ndi akale. Sakulondera ali maliseche."

Wometa anatulutsa mutu pakhomo pake. "Kwagwanji, matelala? Mwanyanyala ntchito?"

"Meta anthu iwe," alamu anamuyankha.

Nthawi yomweyo achemwali anafika. Anali atavala zopitira kutali, ndipo pamkono ananyamula jekete ya amuna awo, imene amavala pa zinthu zikuluzikulu. Alamu atawaona anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndimayesa ndinu mnzanga," anatero.

"Wakutsina khutu ndi mnansi," ndinatero. "Komanso achemwaliwa ndinayamba kuwadziwa inu musanabwere."

Achemwali sanakweze mawu. Anatambasula jekete ija kumbuyo kwa amuna awo ngati mmene timachitira ndi kasitomala.

"Lowetsani mkono, bambo."

"Mayi, simukumvetsa. Akakandidula..."

"Ndamva. Mukuopa kukhala chete. Bambo, mwayankhula zaka zonsezi, zina ndikadali kuzigaya mpaka lero. Mukakhala chete ndidzayankhula ndine, nanenso nkhani ndili nazo, simunandipatsepo mpata. Ine ndikufuna munthu pampando uja madzulo. Woyankhula kaya wosayankhula, koma akhalepo. Lowetsani mkono."

Alamu anaima pang'ono, akuyang'ana msewu. Kenako anazula mapini awiri amene anatsalira pamalaya, n'kundipatsa m'manja. Analowetsa mkono.

Kuchipatala tinakhala pamzere mpaka dzuwa kufika pamutu. Anatitumiza kwa dokotala wa mano ndi m'kamwa, mayi wamng'ono thupi, wosathamanga poyankhula. Ine ndinafuna kutsala panja koma alamu anandikoka. "Munayambitsa ndinu, lowani."

Adokotala anavala magolovesi, anaunika, anakhudza chilonda chija ndi chala, kenako anapapasa khosi mbali zonse kufuna mwanabere.

"Chakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Masabata angapo," alamu anatero.

"Miyezi iwiri ikukwana," ine ndinatero.

"Mumasuta?"

"Pang'ono."

"Kuyambira tisanakwatirane," achemwali anatero.

Adokotala anamwetulira. "Mwabwera ndi mboni zabwino, bambo." Kenako anakhala pansi n'kutifotokozera. Anati zambiri zotuluka kunsi kwa lilime si zoopsa. Pali tizilonda toyera topweteka timene timapola tokha, pali chotupa chofewa chokhala ndi madzi, pali kamwala kotseka njira ya malovu kamene kamatupitsa munthu akamadya. Koma chilonda kapena chotupa chikadutsa milungu iwiri osapola, makamaka chikalimba, chikamatuluka magazi, kapena chikamavutitsa kumeza, munthu asadikire. Ndipo pansi pa lilime pakatupa mwadzidzidzi mpaka kupuma kuvuta, imeneyo ndi ya tsiku lomwelo.

"Ichi sindinganene ndi maso okha," anatero. "Tidula kachidutswa kakang'ono tikayeze."

"Kakang'ono bwanji?" alamu anafunsa msanga.

"Kosakwana njere ya mpunga."

Anawabaya jekeseni wochititsa dzanzi, ndipo sizinatenge nthawi. Potuluka alamu anali ndi thonje m'kamwa, akutiloza ndi chala ngati tawabera.

Podikira zotsatira tinasoka mayunifolomu aja. Sitinkakambapo za chilonda. Ndudu ndinaona kuti paketi yake ili pazenera, osatsegulidwa, mpaka inachita fumbi. Tsiku lina popanda chifukwa alamu anati, "Alamu, makina angawa amafuna mafuta Lolemba lililonse. Inu mumaiwala." Ndinati, "Muzithira nokha, ine si wantchito wanu."

Achipatala atatiitana tinapitanso atatu. Adokotala sanazungulire. Anati ndi khansa. Achemwali anagwira bondo la amuna awo. Ine ndinkangoyang'ana kalendala ya pakhoma.

"Koma mwabwera ikadali yaing'ono," adokotala anapitiriza. "Zithunzi zikuonetsa kuti m'khosi sinafike. Madokotala a opaleshoni achotsa chilondacho ndi kanyama kozungulira. Mukanadikira miyezi ina, tikanakamba nkhani ina."

"Lilime?" alamu anafunsa.

"Litsala. Lidzalemera poyamba, mawu ena adzavuta, ndipo muzibwera kudzaonedwa kawirikawiri kwa zaka. Fodya ndiye mwatsanzikana naye."

"Ndidzayankhula?"

"Mudzayankhula."

Achemwali anapumira m'mwamba. "Mpata wanga uja wapitanso," anatero, uku akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Opaleshoni inachitika mwezi womwewo. Ndinatsala ndekha m'shopu. Chete wake anandikanika, moti ndinakagula kawailesi kakang'ono kwa wokonza mafoni n'kukaika patebulo. Makasitomala ankalowa, kuyang'ana pazenera, n'kufunsa, "A Wailesi ali kuti?" Ndinkawauza zoona, kuti anali ndi chilonda kunsi kwa lilime chosapola ndipo akuchotsa. Ena ankangoti pepani. Wometa anabwera tsiku lina shopu ili yopanda anthu, n'kundiyasamulira kuti ndimuunike. Ndinamuuza kuti ine ndine telala, apite kumene tinapita ife. Anapita, anamuuza kuti ndi dzino lothyoka limene linkamukanda, analisalaza.

Pa nthawi imeneyo ndinatenga zidutswa za nsalu ya alonda ndi kalamba ka lasitiki, n'kusoka kapilo kobayapo mapini kovala padzanja. Makina awo ndinkathira mafuta Lolemba lililonse.

Alamu anabwerera m'mawa wina kukuwaza mvula. Anali ataonda, kolala ikusewera m'khosi. Anakhala pamakina awo, anapukuta fumbi ndi dzanja, anaona kapilo kaja. Anakatembenuza uku ndi uku, kuyang'ana msoko.

"Mwa... khotetsa," anatero. Mawu anatuluka olemera, ngati munthu amene ali ndi chakudya m'kamwa, koma ndinamva.

"Valani basi."

Anavala. Posakhalitsa kunalowa mnyamata woyendetsa njinga yamoto, thalauzi ili m'manja, itang'ambika kuyambira pabondo mpaka m'munsi. Alamu anaitambasula patebulo n'kupukusa mutu.

"Iwe," anayamba pang'onopang'ono, akupuma pakati pa mawu, "thalauzi imeneyi... wamenyana ndi galu wa ndani? Khala pansi. Ndikuuze za munthu wina... amene anabwera muno ndi yotere... mkazi wake ali pambuyo ndi tsache."

Mnyamata uja anakhala pabenchi. Nkhaniyo ndinali nditaimvapo kambirimbiri, ndipo ulendo uno inkayenda pang'onopang'ono, mawu ena ndinkachita kutchera khutu. Ndinatambasula dzanja patebulo n'kuzimitsa kawailesi kaja.