Chizungu cha M'khitchini

Chizungu changa ndinachitolera m'khitchini mwa a Christina ku Namiwawa, ndipo theka lake linali liwu limodzi: "take". Mayi amene uja chilichonse ndi take. Kukataya zinyalala, take. Kuperekeza mwana kusukulu, take. Kumwa mankhwala, kusamba, kukwera minibasi, kujambula chithunzi, lomwelo. Ndinkaseka ndekha potsuka mbale kuti azungu ndi oumira bwanji, liwu limodzi kuligwiritsa ntchito zonse za pakhomo ngati ine.

Mwanayo ndi Angella. Ndinamupeza ali wakhanda, ndipo anakulira kumsana kwangaku. Wanga ndilibe, ndipo sindibisa, mwana ameneyu ndinkamukonda koopsa.

Mavuto anachokera kusukulu. Aphunzitsi anadandaula kuti mwana akumayankha m'Chichewa, nthawi zina n'timawu ta Chisena tomwe anatola kwa ine. Madamu anandiitana n'kundiuza kuti m'nyumba mwawo tsopano ndi Chizungu chokhachokha, ndikalephera apeza wina wolera mwana.

Ndinayesetsa, anthuni. M'minibasi yochokera ku Chigumula ndinkangonong'ona "take a bath, take your medicine" mpaka kondakitala ankandiyesa wa mapemphero. Koma mwana akamalira, ungamutonthoze m'chilankhulo chobwereka? Tsiku lina alendo ali pabalaza, Angella anagwa n'kusupuka bondo. Anawadutsa amayi ake pomwe anakhalapo n'kuthamangira kwa ine, uku akulira kuti amama, ndavulala. Ine ndinangomunyamula n'kumati pepa mwanawe, pepa, monga mwa masiku onse.

Loweruka ndinapeza mtsikana wina m'khitchini, wa Fomu 4 wake, atavala epuloni yanga. Madamu anali pa foni. Anangoloza jumbo ya zovala zanga pakhonde.

"Take your things, Esther."

Ndinamva bwinobwino, sipanafunike wondimasulira. Ndinapempha kuti ndingotsanzikana ndi mwana. Anati bambo ake apita naye kokasambira, ndipo zakhala bwino choncho, angalire.

Ndinakakhala kunja kwa geti, m'mbali mwa ngalande, jumbo ili pamiyendo. Dzuwa litapendeka galimoto inatulukira, magalasi akuda ali otseka. A Pearson, alonda a panyumbapo, anatsegula geti osandiyang'ana. Galimoto ikudutsa ndinamva kadzanja kakumenya galasi m'katimo, kenako geti linatsekedwa.

Patapita kanthawi a Pearson anasuzumira pakachitseko kakang'ono.

"Achemwali, chonde dzipitani. Akuti mukakhalabe pano, mawa ndi ine."