Mboni ya Ndere

Chiganizo chimodzi chokha ndicho chinamuika Corinne Alley, wophunzira za uloya, m'madzi. M'nkhani yake analemba kuti ngakhale khoti linagamula kuti ndere zomera pamiyala ya m'gombe ndi za mwini malo, alipo anthu kuno ku Maine amene amazidulabe madzi akaphwa. Desmond Pruitt, mkonzi wamkulu wa magazini ya ophunzira yokamba za malamulo a panyanja, anamuitanitsa masana amenewo.

Lamulo la magaziniyo aliyense ankalidziwa: mfundo iliyonse izikhala ndi mboni yake m'munsi mwa tsamba. Akakhala munthu, alembedwe dzina.

Munthuyo anali mlongo wake, Wendell. Chimwalirire bambo awo, iye ndiye ankadyetsa banja podula ndere pa boti lobiriwira la malemuwo, m'kagombe ka mkulu wina wolemera amene maloya ake ankawerenga magaziniyi. Dzinalo likangotuluka, Wendell alandidwa chiphaso chodulira ndere.

"A loya a ndere, mboni yanu ili kuti?" anatero Desmond. "Kapena inakunong'onezani ndi nkhanu?"

Corinne anayesa kuseka. Anapempha kuti angolemba kuti msodzi wina. Desmond anakana, nati mboni iliyonse amaiimbira foni okha akonzi. Anapempha kuti chiganizocho chichotsedwe. Desmond anati zimenezo zikanatheka kale, nkhaniyo isanafike kwa aphunzitsi. Tsopano mfundo yopanda mboni imatengedwa ngati yopeka, ndipo wopeka amakaonekera kwa mkulu wa sukulu.

Corinne anatuluka panja naimbira Wendell. Kumbuyo kunkamveka injini ya boti ija, yotsokomola monga inkachitira bambo ali moyo. Wendell anamufunsa ngati akudya mokwanira. Kenaka anamuuza, akuseka, kuti mlonda wa kugombe kuja wayamba kufunsa anthu mwini boti lobiriwira.

"Umalize msanga sukuluyo, iwe. Ndidzafuna loya wa ulere."

Wendell akanamva za nkhaniyo, akanangoti lemba dzinalo, usataye sukulu chifukwa cha ine. Ndi mmene analili. Choncho Corinne anangomuuza kuti avale jekete yoyandamitsa, nadula foni.

Atabwerera mu ofesi ya Desmond anaima osakhala pansi.

"Palibe mboni. Ndinangopeka."

Desmond anamuyang'ana. Nthabwala zinali zitamuthera. Anamufunsa motsitsa mawu ngati akudziwa kuti chinthu chotere chimamutsata munthu mpaka tsiku lopempha chilolezo cha uloya. Anati ngati alipo amene akumubisa, anene, mwina njira ipezeka.

Desmond sanali woipa, koma pakamwa pake panalibe chitseko.

"Ndati palibe."

Anakwera limodzi masitepe opita kwa mkulu wa sukulu, Corinne atagwiritsa chitsulo cha m'mbali.