Kabedi Kabwerera kwa Kalipentala

"Ndiye magazi atenga anu, koma nkhani akumva ya mwana?"

"Eetu. Ati tizidutswa take timayenda m'magazi a mayi. Amakayeza ku Joni."

"Abale inu! Munthu sanatuluke n'komwe, mwayamba kale kumufufuza ngati wakuba."

Wofunsa ndi kudabwayo anali Tausi, mayi wogulitsa nsalu ku Old Town, amene Evelina anakhala naye benchi imodzi pachipatala cholipira cha ku City Centre. Onse awiri anali oyembekezera. Tausi anati iye zoyezetsa zoterezi ayi, chimene Mulungu wakulunga adzamasula yekha. Evelina anangoseka mwaulemu. Ntchito yake ku Capital Hill inali ya ziwerengero, ndipo kuyambira kusukulu ankakhulupirira kuti funso lililonse lili ndi yankho lake.

Dokotala yankho analibe. Anati magazi akuonetsa mpata waukulu woti mwanayo adzabadwa ndi vuto lotchedwa Down, lochedwetsa kukula ndi kuphunzira. Waukulu, koma wosatsimikizika. Kuti atsimikize pafunika kulasa singano pamimba n'kutapa madzi amene mwana akukhalamo, ndipo mwa apo ndi apo singanoyo imapititsa mayi padera.

Evelina anali atapita kale padera katatu. Mimba iyi yokha ndiyo inafika miyezi inayi. Ali m'galimoto anaitembenuza nkhaniyo uku ndi uku. Kuti adziwe ngati mwana ali bwino, ayenera kumuika pachiswe. Akadziwa kuti sali bwino, malamulo a dziko lino samulola kuchotsa mimbayo. Anapita kukatenga yankho, anabwerako ndi funso lokulirapo.

Anaimbira mwamuna wake, Paxton, amene anaumirira zoyezetsazi. Paxton anamvetsera, n'kuti, "Tikambirana kunyumba."

Paxton yemweyo, mimba itangodziwika, anakapangitsa kabedi ka mwana kwa Shafiq, kalipentala wa ku Old Town. Amayi ake anamuletsa kuti za mwana sakonzeratu asanabadwe. Iye anaseka mpaka misozi. "Amayi, zimenezo n'za nthawi ya atsamunda." Kabediko kanabwera, ka mtengo wa mlombwa, konunkhira vanishi, ndipo anakaimika yekha pafupi ndi zenera.

Evelina atafika kunyumba kwawo ku Area 12 madzulo, mlonda anali atatsegula kale geti. Kagalimoto konyamula katundu kankatuluka, kabedi katamangidwa pamwamba, miyendo m'mwamba. Shafiq anatsitsa galasi.

"Mwaswera bwanji, mayi? Bwana ati ndikakasunge kaye kushopu."

Paxton anali pabalaza, akadali ndi tayi.

"Ndaganiza kuti amayi ankanena zoona," anatero osamuyang'ana. "Kwathu za mwana sitikonzeratu. Mwambo ndi mwambo."

"Mwaukumbukira lero?"

"Usayambe, Eve. Ndafunsanso za ndege. Ku Joni singanoyo amaidziwa bwino, ndipo zikapezeka kuti ndi zoona, zinazo amathanso komweko."

Evelina analowa m'kachipinda momwe munali kabedi kaja. Pakapeti panatsala timabowo tinayi pamene panaima miyendo. Tanthauzo la mwambowo ankalidziwa kuposa mwamuna wake, chifukwa katatu konse azimayi anamuuza kuti wopita padera salira, ndipo m'nyumba simukhala kanthu kokumbutsa amene sanafike.

Anabwerera pabalaza, dzanja lili pamimba.

"A Paxton, mwanayu mwamuika kale m'manda?"