Kachitsulo pa Nsapato ya Kumanzere

Aliyense wobwera ndi nsapato pabenchi pake ankafunsa funso lomwelomwelo: "Nanga zikhala nthawi yaitali bwanji, mayi?" Mayi wosoka nsapatoyo ankayankha osadzutsa mutu, timisomali tili pakamwa: "Funsani phazi lanu."

Koma yankho lenileni ankalidziwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu za pakhonde la sitolo ya penti, pakati pa wokonza mawotchi ndi ngalande, zinamuphunzitsa kuti nsapato ya munthu wokhala pampando imakhala zaka zitatu, ya mphunzitsi chaka ndi theka, ya namwino chaka chimodzi basi. Munthu woyenda bwino amayamba kudya chidendene, mbali yakunja. Wonenepa amaphwasula m'mbali. Woledzera amadya paliponse. Mayiyo ankakonda kunena kuti nkhope imanama koma soli sinama, ndipo anthu ena ankachita manyazi kumupatsa nsapato zawo, ngati akumupatsa kalata yachinsinsi.

Nsapato zimene ankazidziwa kuposa zonse zinali za mwamuna wake. Bamboyo anali mesenjala pakampani ina ya inshulansi. Kuntchito ankamutchula Liwiro, chifukwa paunyamata wake ankakwera masitepe awiriawiri thireyi ya tiyi ili m'manja, osataya ngakhale dontho. Kampaniyo inkapereka nsapato zakuda kamodzi pachaka, mwezi woyamba, ndipo wofuna zatsopano ankayenera kubweza zakale kwa wosunga katundu. Zamtundu wina sankazilola pantchito. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu nsapatozo zinkatha mofanana: pofika mwezi wachisanu ndi chitatu zidendene zadyeka, mkazi wake n'kukhomapo tayala, n'kufika nazo kumapeto kwa chaka. Zipinda ziwiri zimene ankagonamo, kuseri kwa galaja ya magalimoto a mabwana, zinalinso za kampani. Ntchito ikatha, makiyi ankabwezedwa limodzi ndi yunifomu.

Koma chaka china, miyezi itatu isanakwane, tsiku lina Lamlungu masana akupaka polishi, mayiyo anatembenuza nsapato ya kumanzere n'kungoti kakasi. Chidendene chinali ngati chogula dzulo. Kumphuno ndiko kunali kutadyeka mpaka chikopa chamkati kuonekera.

"Bambo, kodi kuntchito kwanu mwayamba kusewera mpira?"

Mwamuna wake ankasita malaya. "Mpira wanji paukalamba uno? Nsapato za masiku ano n'zapepala."

"Yapepala ndi ya kumanzere yokha? Ya kumanjayi anakaipangira kwina? Tayendani ndione."

Bamboyo anaika simbi pansi, n'kuyenda kuchokera pachitseko kukafika pabedi, akukweza mabondo ngati msilikali.

"Mwakhutira, a dokotala?"

"Bwererani. Koma pano muzitchula masiku a sabata chobwerera m'mbuyo."

"Zamisala ziti tsopano? Chabwino. Loweruka, Lachisanu, Lachinayi, Lachi..."

Mutu utatanganidwa ndi masiku, phazi linaiwalika. Linagwa chakumphuno n'kukhwekhwerezeka pansi. Onse awiri analiyang'ana ngati galu wa eni amene walowa m'nyumba.

Ndi pamene anaulula. Zinayamba ndi dzanzi m'zala zakuphazi. Kenako phazi linayamba kulemera. Kuchipatala sanapite, chifukwa dokotala wa antchito ndi wa kampani, ndipo kalata yake imafika kwa bwana wodwala asanafike kunyumba. Dalaivala amene anadandaula za maso chaka chathachi anachoka pasanathe sabata.

"Palibe waona," anatero. "Mesenjala ndani amamuyang'ana kumapazi? Amayang'ana kapu. Ndikaona munthu ndimanyamula, akadutsa ndimalisiya. Inuyo ingondisungirani nsapatoyi mpaka chaka chithe. Ikakafika kwa wosunga katundu ili chonchi nthawi isanakwane, aitembenuza ngati mmene mwachitiramu."

"Nanga phazilo ndilisokenso?"

"Za phazi zisiyeni."

Anazisiyadi. Akangoyamba nkhani ya phazi, bamboyo ankatuluka kukakhala kugalaja ndi alonda. Choncho mayiyo anachita zimene manja ake ankadziwa. Anadula tayala, kumata, kusoka. Linakhala masabata anayi. Anaikapo lina lokhuthala, linakhala atatu. Tayala lachitatu silinakwane n'komwe masabata awiri, chifukwa phazi linkalemerabe. Kusoka kulikonse kunkasiya mabowo atsopano m'chikopa, ndipo mabowowo anayamba kulumikizana ngati pong'ambira sitampa.

"Alamu, nsapato iyi sindinaione sabata yatha?" anafunsa wokonza mawotchi, kagalasi kake kali padiso. "Kapena guluu wanu ndi malovu?"

"Inu wotchi ya abusa ija yabwera kangati? Anthu akutuluka m'tchalitchi dzuwa litapendeka chifukwa cha inu."

"Wotchi ili bwino. Abusawo ndi amene saiyang'ana."

Anaseka onse, koma mayiyo anabisa nsapatoyo pansi pa benchi. Chaka chinali chisanafike n'komwe pakati. Kusoka kwina kumodzi, mphuno yonse ikanatseguka ngati kamwa la ng'ona, ndipo sipakanakhalanso pogwira ulusi.

M'kachitini ka mkaka momwe ankasungamo zotsalatsala munali tizitsulo topindika, tija amakhoma kuzidendene anyamata ofuna kumveka asanaoneke. Kuti chitsulo chimalira ankadziwa, sanali mwana. Koma chimalira kuchidendene, pamene phazi limamenya. Iye akanachilowetsa m'tayala kumphuno, n'kuchipala chisalale. Komanso kwa zaka zonsezi mwamuna wake ankasimba za kapeti ya mu ofesi ya bwana wamkulu, yoti phazi limamira mpaka m'kakolo. M'mutu mwa mayiyo nyumba yonseyo inali yoyala kapeti kuyambira pakhomo mpaka kukhichini. Khomo lalikulu la kampani linali mapazi makumi anayi kuchokera pakhomo pake, koma anali asanalowemo chibadwire. Akazi a mesenjala amadzera kumbuyo, ndipo amathera pa mpopi.

Inali ntchito yokongola. Loweruka lonse anathera pa iyo: kugoba tayala ndi mpeni, kukhazikamo kachitsulo, misomali itatu, kupala mpaka chala chisamve pamene tayala lathera. Anavala nsapatoyo yekha n'kuikhwekhwereza padothi la kuseri kwa sitolo. Zii. Kunyumba anaikhwekhwereza pa chiguduli cha pakhomo. Zii.

"Iyi ifika chaka chamawa," anauza mwamuna wake. "Ikatha iyi, ndisiya kusoka ndikayambe kugulitsa tomato."

Bamboyo anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kupititsa chala pa kachitsuloko. "Manja muli nawo, mayi," anatero.

Lachinayi chakumasana kunabwera mayi wokolopa wa kukampani, patapata woduka lamba ali m'manja. Ankadziwana pa mpopi. Anakhala pabenchi osafunsa mtengo, osafunsa kuti zikhala nthawi yaitali bwanji, ndipo msoki anadziwa kuti patapatayo ndi chonamizira.

"Asisi, ine sindinanene dala."

"Munene chiyani?"

"Lolemba ndinaona mzere pamatailosi a mukolido. Ndinayesa wina wakoka mpando. Ndinapukuta, osachoka. Lachiwiri mizere inali yosawerengeka. Dzulo bwana wamng'ono anandiitana, akuti ndikukolopa ndi mchenga, matailosi ake odula ndawononga. Ine ndili ndi ana anayi, asisi. Ndinangoti, bwana, tsatirani mzerewo muone kumene ukuchokera."

"Matailosi," anatero msoki.

"Oyera aja. Kapeti ili mwa bwana wamkulu mokha. Ndiye anautsatadi, manja ali kumbuyo. Kuchokera kukhichini, kulowa ofesi iyi, kutuluka, kulowa iyo, mpaka pamasitepe. Nthawi ya tiyi itakwana anangoima pakona, osaoneka. Tonse tinamva. Khwee. Khwee. A Liwiro akubwera ndi thireyi, akuyesa ali okha."

Msoki analowetsa singano mu lamba wa patapata, kukoka ulusi, kulowetsanso.

"Lero m'mawa apita nawo kwa dokotala pagalimoto ya kampani. Anawakhazika mpando wakutsogolo." Mayi wokolopayo anapukuta mphuno ndi nsonga ya duku. "Mundikhululukire."

"Mwalakwa chiyani? Matailosi ndi anu, phazi ndi lathu. Nayu patapata wanu. Musamakolope mutamuvala, madzi amadya ulusi."

Wokonza mawotchi anali atachotsa kagalasi padiso. Msoki analonga zida zake m'bokosi dzuwa likanali pamutu, chinthu chimene anali asanachitepo ngakhale tsiku limene anayamba kumva kupweteka kobereka mwana wake woyamba.

Anapeza mwamuna wake atakhala pabedi, atavala malaya ake a kutchalitchi. Yunifomu panalibe pamsomali. Patebulo panali envelopu yotsegula. Nsapato zinali pakati pa chipinda, zitagundana mphuno.

"Akuti chiyani?"

"Akuti ndi mitsempha. Sizibwerera m'mbuyo. Akuti dzanja lidzatsatira, koma sakudziwa liti." Analoza envelopu ndi chibwano. "Andithokoza kwambiri. Makiyi akuwafuna mwezi ukatha."

Mayiyo anatola ya kumanzere. Kachitsulo kanali kakuwala ngati siliva, kosadyeka ngakhale pang'ono. Misomali yonse itatu inali gwa.

"Munamva Lolemba lomwelo."

"Ndinamva ndisanafike n'komwe kukhichini."

"Ndiye pakamwa panu panali pati? Masiku atatu mukubwera kuno, kudya, kugona! Misomali itatu yokha, bambo! Ndikanazula madzi osamba asanatenthe!"

"N'kuikapo chiyani?"

Mayiyo anayang'ananso mabowo a kumphuno kwa nsapatoyo.

"Miyezi isanu ndakhala ndikunyamula phazi ili ngati thumba la simenti. Chitseko chikatseguka, nyamula. Chikatsekeka, tula. Ndinkafika kuno msana ukuyaka. Lolemba nditamva likulira, ndinati lisiyeni linene lokha. Ine mawu ake ndinalibe."

"Ndiye mwabwereka nyundo yanga kuti ikunenereni."

"Manja muli nawo, ndinakuuzani."

Anafuna kumugenda nayo nsapatoyo. Dzanja linakwera mpaka paphewa. Kenako anaona mmene phazi lamanzere lagonera pansi chammbali, ngati si la munthu amene wakhala pabedipo, ndipo anatsitsa dzanja.

"Nanga izi sanalande bwanji?"

"Wosunga katundu anaitembenuza, n'kundibwezera. Akuti nditenge, ndi mphatso ya kampani." Anayesa kuseka. "Zaka makumi awiri ndi zitatu. Ena amapatsidwa wotchi."

"Wotchi mukanapita nayo kwa wokonza mawotchi uja akaiphe."

Mwezi utatha anasamukira m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mlongo wake wa mayiyo, kamene kale ankasungiramo matumba a makala. Bedi linalowa, tebulo linakana. Mlamu wake wamkazi anawalandira ndi mawu okoma ndi nkhope ina, n'kuwaonetsa chingwe choyanikapo chimene sichinali chawo.

Sabata yoyamba mayiyo anazula kachitsulo kaja n'kukaponya m'ngalande. Pansi pa bokosi lake panali soli ziwiri zabwino zedi, zimene anazisunga zaka zambiri kudikira kasitomala woziyenera. Anachotsa zakale zonse, kuika chikopa chatsopano kumphuno, kumata, kusoka mozungulira ndi ulusi wopaka phula. Palibe anamutuma. Manja ankangofuna chochita.

Bamboyo ankazivala m'mawa uliwonse, kumanga zingwe, n'kukhala pampando pakhomo kuyang'ana khoma la nyumba yaikulu. Poyamba ankafika pamsewu ndi ndodo. Kenako ankafika pampanda. Chaka chisanathe dzanja linatsatira monga ananenera dokotala, ndipo zingwe ankamanga ndi mkazi wake asanapite kukhonde la sitolo, n'kudzamasula madzulo. Kuchimbudzi ankamunyamula ndi mlamu wake wamwamuna, mapazi ali lende.

Lamlungu masana mayiyo ankapakabe polishi, ndipo mwachizolowezi ankatembenuza nsapatozo. Timizere tonse ta pa soli tinalipo, takuthwa ngati tsiku limene anazimata. Fumbi linkakhala pamwamba pokha.

Tsiku lina bamboyo anamuona akuziyang'ana. Lilime linali litayamba kulemera, koma nthabwala zinali zisanamuthere.

"Nanga zikhala nthawi yaitali bwanji, mayi?"

"Izi?" Anauzira fumbi pamphuno ya kumanzere. "Izi zidzatiika m'manda tonse awiri."

Anathira malovu pabulashi, n'kupitiriza kupukuta.